Mwana wamantha si mwana wamwambo

Mwezi watha ndinakhala nawo pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Lizulu, kuno ku Ntcheu. Anatiitanira nkhani ya zimbudzi zimene zinagumuka ndi mvula, koma sitinapite nayo patali. Bambo wina wachikulire anaimirira, chipewa chili m'manja, nati: "Aphunzitsi, zimbudzi tikumba, imeneyo si nkhani. Nkhani ndi ana athuwa. Boma linakulandani chikoti inu, tsopano amabungwe akufuna atilandenso ife kunyumba. Mwana wosalawa mkwapulo ali ngati munda wosapalira." Anthu anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Mawu amenewa si a ku Lizulu kokha. Mukatchera wailesi pa mapulogalamu oimba foni, mukakwera minibasi ya ku Lilongwe, mukatsegula Facebook tsiku limene kwamveka kuti mnyamata wina wadzipha kapena mtsikana wa fomu 2 watenga mimba, chigamulo chimakhala chimodzimodzi: ufulu waononga ana, ana a masiku ano ndi ofewa mitima, mankhwala ake ndi kubwezeretsa ndodo.

Ine ndikukana, ndipo ndinene poyambirira pomwe chimene ndikukhulupirira. Ana athu sakusowa ndodo. Chimene ambiri akusowa ndi munthu wamkulu mmodzi pakhomo amene angathamangire kwa iye zinthu zikavuta, osaopa kuti akawonjezera moto. Ndodo sinachoke m'makomo mwathu kuti tiziilira ngati chinthu chotayika. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene unduna woona za jenda ndi ana unachita mu 2013 anapeza kuti mwa achinyamata a zaka 18 mpaka 24, anyamata pafupifupi awiri mwa atatu alionse ndiponso atsikana awiri mwa asanu anachitidwapo nkhanza za kumenyedwa asanakwanitse zaka 18, ena ndi makolo, ena ndi aphunzitsi, ena ndi anzawo. Kafukufuku wina wa ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, wa 2019 mpaka 2020, anasonyeza kuti ana oposa 8 mwa 10 alionse a zaka zoyambira 1 mpaka 14 anali atamenyedwa kapena kukalipiridwa mwaukali pakhomo m'mwezi umodzi wokha kafukufukuyo asanachitike. Tsono kukanakhala kuti mkwapulo ndiwo umaumba khalidwe, bwenzi dziko lino lili lodzaza ndi ana amwambo. Mbadwo umene tikuudandaulawu sunakule wopanda ndodo. Wakula nayo.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambire pamene mtima wa mwana umayambira. Tsiku la msika pa Lizulu, imani pang'ono pafupi ndi amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi. Mudzaona mayi wabereka khanda kumbuyo, akuwerenga chenji, akuitanira makasitomala, koma khandalo likangoti ng'ee, phewa la mayiyo layamba kale kugwedezeka, dzanja lapita kale kumbuyo kukasisita. Likapitiriza, amalitembenuzira kutsogolo, kuliyang'ana m'maso, "Watani bambo wanga? Wamva njala?" Khanda silimva Chichewa, koma likuphunzira phunziro lalikulu kuposa onse amene lidzaphunzire kusukulu: ndikalira, wina amabwera. Katswiri wina wa ku America, Edward Tronick, anayesa zimenezi m'zaka za m'ma 1970. Ankapempha mayi kuti asewere ndi khanda lake, kenako aumitse nkhope kwa mphindi zochepa, osaseka, osayankha. Khandalo limayamba kumwetulira kuti amayi abwerere, limaloza, limakuwa, kenako limatembenuza nkhope n'kulira mosweka mtima. Mphindi ziwiri zokha. Khanda silingathe kudzitonthoza lokha. Limabwereka mtima wodekha wa wamkulu kufikira litaumba wake. Makolo athu anachidziwa chimenechi pamene anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma dambo likasanduka lokha moto, mwana athawira kuti? Thupi la mwana wokhala mwamantha tsiku ndi tsiku limangotulutsa timadzi ta nkhawa, monga cortisol, ngati munthu amene akuthamangitsidwa ndi chilombo chosatopa, ndipo ubongo umene ukanatanganidwa ndi kuphunzira umatanganidwa ndi kulondera.

Zotsatira zake sizithera paubwana. Mu 1998 madokotala awiri, Vincent Felitti ndi Robert Anda, anafalitsa zoyamba za kafukufuku amene pamapeto pake anafunsa akuluakulu oposa 17,000 mu mzinda wa San Diego za mmene anakulira: ngati ankamenyedwa, kutukwanidwa, kugwiriridwa, kuona mayi awo akumenyedwa, kapena kukhala ndi chidakwa kapena wodwala maganizo m'nyumba. Atayerekeza ndi umoyo wa anthuwo atakula, anapeza kuti amene anakumana ndi mavuto anayi kapena kuposerapo mwa amenewa anali pa chiopsezo chochuluka kanayi mpaka ka 12 cha uchidakwa, mankhwala ozunguza bongo, matenda okhumudwa ndi kuyesa kudzipha, poyerekeza ndi amene sanakumane ndi vuto ngakhale limodzi. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wokula movutika adzagwa m'maenje amenewa, ambiri sagwa. Zikutanthauza kuti njira yake imakhala yoterera kuposa ya mnzake. Nanga za kukwapula wamba, kumene ambiri timati si nkhanza? Mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 50 wokhudza ana oposa 160,000. Sanapeze umboni woti kukwapula kumapangitsa ana kukhala omvera. Anapeza kuti kumayendera limodzi ndi ndewu, kusamvera, mavuto a maganizo ndiponso kuzirala kwa ubale wa mwana ndi kholo lake.

Tsopano ndiyankhe anzanga otsutsa, ndipo ndiyesetsa kuti ndisawakhotetsere mawu. Mfundo yawo yoyamba, imene imamveka paliponse, ndi yakuti: "Ife tinakwapulidwa, koma onani, tinakula bwino." Ndikuivomera mbali imodzi. Alipo ambiri amene anakwapulidwa ndipo lero ndi anthu olongosoka, aphunzitsi, anamwino, akuluampingo. Komabe pali zinthu ziwiri zimene mawuwa amabisa. Choyamba, amene amalankhula pa msonkhano ndi amene anapulumuka. Amene sanapulumuke sabwera ku misonkhano ya makolo. Mudzawapeza m'mawa kutacha ali kale pa kachasu, kapena akuthyola nthiti za akazi awo, kapena tinawaika kale m'manda. Nawonso anakwapulidwa ndi ndodo yomweyo, ndipo palibe amene amawawerengera pochita masamu ake. Chachiwiri, funsani munthu amene akuti anakula bwinoyo kuti atakwapulidwa ankapita kuti. Pafupifupi aliyense adzatchula munthu: agogo aakazi amene ankamubisa kuseri kwa nkhokwe n'kumupatsa mbatata yootcha, atsibweni amene ankabwera kudzati "mlamu, mwanayu mwamuonjeza," mphunzitsi wina amene anamuona. Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii kufikira atakwanitsa zaka 40. Mwa ana amene anabadwira m'mavuto aakulu, umphawi, ndewu ndi uchidakwa wa makolo, mmodzi mwa atatu anakula kukhala munthu wodalirika, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene anafanana nacho n'chakuti anali ndi wamkulu mmodzi, nthawi zambiri agogo, azakhali kapena mchemwali wamkulu, amene anawagwira dzanja osawataya. Choncho amene anakula bwino asathokoze ndodo. Athokoze agogo aja.

Apa ndiyenera kunena za ine mwini, chifukwa sindikulemba ngati munthu wa manja oyera. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9 ndinamutuma kuchigayo ndi ndalama yokwanira, chenji n'kutsala. Anabwera ndi ufa pamutu, chenji palibe. Anati yagwa m'njira. Tsiku limenelo ndinali nditabwera kumene kuchokera kokafuna feteleza osamupeza, mutu uli wotentha, ndipo ndinathyola kanthambi ka pichesi kuseri kwa nyumba. Sanalire kwambiri. Anangondiyang'ana, kenako anapita kukakhala kukhitchini, nsima ya madzulo osaikhudza. Kuyambira pamenepo anakhala mwana amene anthu amamuyamikira: wachete, wogwada, wosayankha. Ine ndinkanyada. Patapita zaka zinayi ndinamva kwa azakhali ake, osati kwa iye, kuti mnyamata wina wamkulu wakhala akumudikirira panjira ya kusukulu kwa miyezi iwiri, kumugwira mkono ndi kumuopseza. Nditamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire ine bambo ake, anayankha akuyang'ana pansi: "Ndimaopa kuti mundimenya." Mpaka lero mawu amenewo amandilasa. Kanthambi kaja sikanamuphunzitse kusamala ndalama. Kanamuphunzitsa kuti vuto likabwera, bambo ndi vuto lachiwiri. Ndipo chimene ine ndinkachitcha ulemu chinali chitseko chotseka.

Mfundo yachiwiri ndi ya chikhulupiriro ndi mwambo. Amati Malemba pa Miyambo 13:24 amanena kuti wolekerera mwana osamukwapula amamuda, ndipo makolo athu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Sindikufuna kupeputsa mfundo imeneyi, chifukwa anthu amene amainena amakonda ana awo ndipo amaopa kuwaona akusochera. Koma Malemba omwewo, pa Akolose 3:21 ndi pa Aefeso 6:4, amachenjeza atate kuti asapute kapena kukwiyitsa ana awo, kuopa kuti angataye mtima. Kutaya mtima kumeneko kumafanana ndi chimene achipatala lero akuchitcha matenda okhumudwa. Tisamawerenge vesi imodzi mokweza, inayo n'kuinong'ona. Kunena za mwambo wathu, tamverani chinenero chathu chomwe. Mawu akuti kulanga ali ndi nkhope ziwiri. Anamkungwi akamalanga namwali, kapena ankhoswe akamalanga banja latsopano, ntchito yawo yaikulu ndi mawu: kukhazika munthu pansi, kumuuza za moyo, kumupatsa mwambo. M'mawu omwewo ndimo munachokera malango, malangizo ndi alangizi. Ife tatola nkhope imodzi yokha, ya chilango, inayo tataya. Agogo athu ankalera ndi nthano pamoto madzulo, ndi miyambi, ndi nyimbo za pamtondo, ndi kumutenga mwana kupita naye kudimba kuti aone mmene ntchito imagwiridwira. Sindikunama kuti kale kunalibe mkwapulo, unalipo. Koma unali kachigawo kakang'ono m'kati mwa mudzi wodzaza ndi anthu olankhula ndi mwana. Lero nthano zinatha, atsibweni ali ku Joni, agogo atopa ndi kulera ana amasiye asanu, ndipo pa zonse zija chatsala ndi ndodo yokha. Amene akufuna kubwezeretsa mwambo ayambe ndi zimene zinatayikadi. Ndiponso mtengo wanthete amauwongola poumangirira ku chikhomo, osati poumenya.

Mfundo yachitatu imati zonsezi ndi nzeru za azungu, zochokera kwa anthu amene ana awo amawatukwana pamaso. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko, pakuti kafukufuku wambiri wa maganizo a ana anachitikiradi ku America ndi ku Ulaya, ndipo si zonse za kumeneko zimene zingamere m'nthaka yathu. Koma pali mbiri imene ambiri sitiidziwa. Chiphunzitso chachikulu cha ubale wa khanda ndi womulera, chimene ophunzira za maganizo amachiwerenga m'mayunivesite a dziko lonse, umboni wake woyamba wa m'makomo unachokera ku Africa konkuno. Mu 1954 ndi 1955 Mary Ainsworth ankayendera mabanja 26 a Baganda m'midzi yozungulira Kampala ku Uganda, kukhala pansi m'nyumba zawo, kuona mmene amayi amaberekera, kuyamwitsa ndi kutonthoza ana. Iye anaona kuti makanda a amayi odziwa kumva zofuna za mwana msanga sankalira kwambiri, ndipo ndiwo amene ankalimba mtima kukwawa kupita patali kukaona zinthu, akudziwa kuti kobwerera kulipo. Taonani mmene zimenezi zikutsutsira chimene timauzana, chakuti kunyamula mwana akalira n'kumulemereza. Mwana wotonthozedwa ndiye amalimba. Azungu sanatiphunzitse zimenezi. Anabwera kudzaziona kwa amayi a ku Africa, n'kukazilemba m'mabuku. Tikamazikana lero ponena kuti n'zachilendo, tikukana mbereko yathu yomwe.

Mfundo yachinayi ndiyo yolemera kuposa zonse, ndipo ndikhalapo pang'ono. Mayi wina pa msonkhano uja anandiuza tikutuluka: "Achimwene, inu mukunena za kucheza ndi ana. Ine ndimadzuka 4 koloko kupita kukagwira ganyu, ndimabwera dzuwa litalowa, m'nyumba mulibe ufa. Mawu okoma amaphikidwa?" Ndinasowa choyankha msanga, chifukwa ananena zoona. Umphawi umadya kuleza mtima. Kholo limene lagona ndi njala, limene katapila akulilondola, limene mbewu zake zapserera, limapsa mtima pa kanthu kakang'ono, monga ndinachitira ine tsiku la feteleza lija. Umboni ulipo ngakhale kwathu konkuno: pa kafukufuku amene anachitika ku Zomba mu 2008 ndi 2009, atsikana a sukulu amene mabanja awo ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi anapezeka ndi nkhawa yochepa kuposa anzawo pa nthawi imene ndalamazo zinkabwera. Motero aliyense wonena za umoyo wa maganizo a ana osanenapo za mtengo wa chimanga, za Mtukula Pakhomo kapena za phala la kusukulu, akunena theka la nkhani. Ndikuvomera ndi mtima wonse.

Komabe theka linalo lilipo, ndipo silidikira kuti tilemere. Mu 1986 ndi 1987 ku Kingston, m'dziko la Jamaica, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatenga ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 ochokera m'makomo osaukitsitsa. Ena ankalandira mkaka sabata iliyonse. Ena ankayenderedwa ndi azaumoyo a m'dera ola limodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, kuphunzitsa amayi kusewera ndi ana, kuwalankhula, kuwayamikira, pogwiritsa ntchito zidole zopangidwa ndi zinthu zotaya za pakhomo. Poyamba zonse ziwiri zinathandiza. Koma atawalondola patapita zaka 20, phindu la mkaka linali litazimiririka, pamene ana amene amayi awo anaphunzira kusewera nawo ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 iliyonse kuposa anzawo, ndipo anali ndi zizindikiro zochepa za kukhumudwa ndiponso sankachita ndewu kwambiri. Amayi amenewo sanachoke mu umphawi. Chimene chinasintha ndi chimene chinkachitika pakati pa iwo ndi mwana. Kumbali inayo, anthu a ku San Diego aja ambiri anali ophunzira, apantchito, okhala ndi inshuwalansi ya chipatala, koma mabala a paubwana anawatsatirabe. Ndiye kuti umphawi umakulitsa vutoli, koma chuma pachokha sichilichotsa. Kwa mayi uja ndinganene kuti sindikuwapempha ola limene alibe. Mwana amene akuwathandiza kusonkha moto madzulo ali kale pambali pawo. Kumufunsa kuti "lero kusukulu kunali bwanji?" n'kudikira yankho sikufuna ndalama.

Pali mfundo ina imene anthu oganiza mozama amaibweretsa, ndipo ndi yanzeru. Amati ana a mimba imodzi, oleredwa ndi dzanja limodzi, amatuluka osiyana; wina wofatsa, wina wamakani. Kodi si chibadwa? Ndiponso, mwina si kukwapula kumene kumapangitsa mwana kuvuta, koma mwana wovuta ndiye amaitana mkwapulo. Zoona, chibadwa chili ndi gawo lake lalikulu, ndipo kholo lisadziimbe mlandu pa matenda alionse a maganizo amene mwana wadwala. Ena amabwera ngakhale m'nyumba za chikondi. Koma funso la chimene chimayambitsa chinzake linayesedwapo. Ku Romania, kuyambira mu 2000, akatswiri anatenga ana 136 a m'nyumba zosungira ana mu mzinda wa Bucharest, kumene wolera mmodzi ankayang'anira makanda ambirimbiri. Mwa maere, theka anapatsidwa mabanja owalera, theka anatsala. Popeza anasankhidwa mwa maere, chibadwa sichingafotokoze kusiyana kumene kunaoneka. Amene anapita m'mabanja anakula bwino m'nzeru ndi m'maganizo kuposa otsala aja, makamaka amene anatengedwa asanakwanitse zaka ziwiri. Chibadwa ndi mbewu, inde, koma mlimi aliyense wa ku Tsangano amadziwa kuti mbewu imodzimodziyo imabereka mosiyana malinga ndi munda. Ndipo mwana wobadwa ndi mtima wothamanga ndiye amafunikira dzanja lodekha kuposa mnzake.

Funso lotsala ndi limene bambo wa chipewa uja angafunse: "Tsono tingowaleka azichita zofuna zawo?" Ayi. Kulekerera nakonso kumaononga, ndipo kafukufuku amanena zimenezo momveka kuyambira pa ntchito ya Diana Baumrind m'zaka za m'ma 1960: ana amene amakula bwino kwambiri ndi a makolo amene amaphatikiza chikondi ndi malamulo olimba, osati ankhanza, osatinso olekerera. Malamulo akhalepo, ochepa, odziwika, osasintha malinga ndi mmene bambo adzukira. Mwana akalekerera mbuzi n'kudya chimanga cha eni, apite yekha akapepese, akagwire ntchito m'munda umenewo Loweruka anzake akusewera mpira. Chimenecho ndi chilango, ndipo chimaphunzitsa kuposa mikwapulo khumi chifukwa chikugwirizana ndi cholakwacho. Mtima ukatentha, tulukani panja kaye, mukambe nkhaniyo mutazizira. Ndipo mwana akachita bwino, nenani. Ambiri a ife pakamwa pathu pamatseguka pokhapokha mwana akalakwa. Izi zinayesedwapo m'midzi yosauka ngati yathu. Ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, mabanja 552 okhala ndi achinyamata analowa m'kafukufuku wa pulogalamu ya Sinovuyo, imene inkasonkhanitsa makolo ndi ana awo sabata ndi sabata kuti aphunzire kukambirana, kuthetsa mikangano ndi kukonza bajeti ya pakhomo. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2018 zinasonyeza kuti makolo amene anaphunzirawo ananena kuti achepetsa kumenya, ndipo iwo eni nkhawa ndi kukhumudwa zinawachepera.

Ndisanamalize ndinene kuti ndodo si chokhacho chimene chimavulaza, ndipo kholo limene silimenya lisafulumire kudziyeretsa. Pali mawu amene timaponya ngati miyala: "chitsiru iwe," "unatengera abambo ako osathandiza aja," "ndikanadziwa sindikanakubereka." Mkwingwirima umapola pa sabata, koma mawu otere munthu amafika nawo ku ukalamba. Pali ndewu za usiku za bambo ndi mayi, zimene timaganiza kuti ana sakumva chifukwa agona, chonsecho ali maso pamphasa, agwirana manja. Pali mwana wopeza amene amadya pomaliza. Pali banja likatha pa chikamwini, bambo n'kunyamula kachikwama kubwerera kwawo, osadzapondanso, ngati ana aja anali a mudzi osati ake. Pali makolo amene ali ku Johannesburg, amene amatumiza ndalama mokhulupirika koma foni ikalira amangolankhula ndi agogo za ndalamazo, mwana ataima pambali kudikira kuti amutchule. Ndipo pali chimene timauza anyamata kuyambira ali aang'ono, chakuti mwamuna salira. Apolisi akamalengeza chiwerengero cha anthu odzipha m'dziko muno, ambiri mwa iwo amakhala amuna. Sindikunena kuti chifukwa chake ndi chimodzi. Ngongole, mabanja ndi matenda zilimo. Koma munthu amene anaphunzitsidwa ali ndi zaka zisanu kuti misozi ndi manyazi, tisadabwe akafika zaka 25 osadziwa pakamwa poyambira kunena kuti zamuvuta.

Chifukwa cha zonsezi, sindikufuna lamulo lotsekera makolo m'ndende. Makolo ambiri amamenya chifukwa ndicho chida chokha chimene anapatsidwa, ndiponso chifukwa iwo eni atopa. Mayi amene akudwala maganizo atabereka sangathe kumwetulira khanda lake ngakhale atafuna, ndipo kumudzudzula n'kuwonjezera katundu. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa zipatala za ku Harare kumamvetsera anthu amene akuganiza kwambiri, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti anthuwo ankapezadi bwino. Ife agogo tili nawo, sikelo ya ana ilipo mwezi ndi mwezi, sukulu za mkombaphala zilipo, magulu a amayi a mvano ndi mabanki a m'mudzi amakumana sabata iliyonse, mafumu amaitanitsa misonkhano. Pa sikelo timayeza kulemera kwa mwana. Tiyambe kufunsanso mayi mmene mtima wake ulili. Pa ulangizi wa ukwati timaphunzitsa za kuchipinda ndi za ulemu kwa apongozi. Tiwonjezerepo za mmene mungalangire mwana mutakwiya. Ndipo mwana aliyense adziwe kuti nambala ya 116 ndi yaulere, angaimbe akasowa womuuza.

Pa msonkhano uja sindinalankhule. Ndinachita mantha ndi m'manja muja. Koma ndapita kwa ahedi kukapempha kuti pa msonkhano wa teremu ikubwerayi, tikatha za zimbudzi, atipatse theka la ola, ndipo avomera. Ndapemphanso bambo wa chipewa uja kuti adzakhale nane kutsogolo, iwo adzanene zawo, ine zanga. Mwana wanga uja tsopano ali ku koleji. Ndinamuimbira foni kumufunsa ngati angalole kuti nkhani ya chenji ija ndikaikambe pagulu. Anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Kakambeni, adadi. Koma mukanenenso kuti ndalama ija inagwadi."